Bango la Phazi la Zainabu

Maganizo opita ku Joni anandibwerera pa tsiku la Idi, chaka chomwe tinavotera zipani zambiri koyamba. Mwana wanga Zainabu, amene nthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, anabwera kuchokera kumzikiti atanyamula mapatapata m'manja, limodzi litaduka lamba. Anzake awiri omwe anayenda naye anali ndi nsapato zenizeni, za kachitsulo pambali, zimene bambo awo anatumiza kuchokera ku Joni. Iye sanalire ndipo sanapemphe kanthu. Anangokhala pakhonde n'kuyamba kumanga patapata lija ndi ulusi wa khoka. Ndinamuyang'ana mpaka anamaliza, kenako ndinalowa m'nyumba n'kuuza amake kuti ine ndikupita.

Ndinali mlovi pa khoka la munthu wina kwathu kwa Mwadzama. Tinkakoka usipa, mwini khoka n'kutenga zake, ife n'kugawana zotsala. Mwera ukawomba sabata yathunthu, kunyumba timadya chinangwa ndi chigwada basi. Pa wailesi ankati zinthu zasintha, ndipo zinasinthadi: sopo anakwera mtengo, mchere unakwera mtengo, koma pasipoti inayamba kupezeka ngakhale kwa anthu ngati ine. Mkazi wanga Asiyatu sanandiletse. Anangondifunsa kuti ndikakhalako zaka zingati, ine n'kuyankha kuti ziwiri. Titakolola mpunga tinagulitsa matumba atatu ndi mbuzi, ulendo n'kupsa.

Kwathu kuno munthu wopita kutali sauzidwa sayizi ya nsapato, chifukwa ambiri sitinkaidziwa n'komwe. Amapatsidwa bango. M'mawa wa tsiku lonyamuka, Asiyatu anaimika Zainabu pabwalo, anaika bango pansi pa phazi lake kuyambira kuchidendene mpaka ku chala chachikulu, n'kulidula ndi mpeni wotumbulira nsomba. Ndinaliika m'thumba la jekete pamodzi ndi pasipoti. Ndinamugwira mwanayo pamutu n'kumulonjeza kuti kuyambira chaka chamawa, Idi iliyonse azivala nsapato zatsopano. Lonjezo lake linali lomwelo, ndipo ndi lomwe linandisunga ku Joni.

Ntchito anandipezera a Mhone, Mtonga wa ku Dwambazi amene anali khukhi panyumba ina ya azungu kwa zaka zoposa makumi awiri. Ine ndinalowa panyumba yoyandikana nayo ngati wa m'galadeni. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa garaja, kokwanira bedi, sutukesi ndi mphasa yoswalira. Ndinaphunzira kudula udzu ndi makina, kutsuka dziwe losambiramo, ndi kudyetsa agalu awiri amene ankadya bwino kuposa alovi onse a pa khoka lathu.

Disembala woyamba atafika, tauni yonse inapenga. Masitolo anadzaza magetsi, nyimbo ndi anthu okankhana. Loweruka lina ndinatenga bango langa n'kulowa m'sitolo ya nsapato, a Mhone akundiperekeza. Ndinapeza zakuda, zonyezimira, za kachitsulo pambali ngati za anzake aja. Ndikuti ndipite kukalipira, a Mhone anandigwira mkono.

"Ada, Idi yanu ndi liti?"

Ndinati kumayambiriro kwa Malichi.

"Ndiye mukuthamangiranji? Eni ake Khirisimasi akamaledzera, inu musamaledzere nawo. Dikirani akhute kaye."

Ndinabweza nsapato zija ndikung'ung'udza. Chaka chatsopano chitangodutsa tinabwererako, ndipo ndinapeza mazenera onse atamatidwa mapepala ofiira. Nsapato zomwe zija, bokosi lomwe lija, mtengo utatsika ndi theka. Ndinafunsa mtsikana wa m'sitolomo ngati zinali ndi chilema, iye n'kuseka, n'kunena kuti zili pa selo, akufuna malo oika katundu wa sukulu. Ndalama yomwe ikanagula nsapato zokha inagula nsapato, diresi, mpango wa amake ndi chitini cha mabisiketi. Ndinatuluka ndikuyenda ngati ndine ndapanga Januwale.

Ndinene pano kuti kuumira sindinakaphunzire ku Joni, ndinabadwa nako. Joni inangondipatsa njira. Pofika chaka chachiwiri ndinali katswiri. Mu Disembala ndinkayendayenda m'masitolo osagula kanthu, kungoona ndi kuloweza mitengo. Ndikaipeza nsapato yabwino ndinkaiyeza ndi bango, n'kukankhira bokosi lake kuseri kwa mabokosi a nsapato za abambo kuti wina asaione. Ndinadziwa kuti sabata yoyamba ya Januwale mitengo imatsika, yachiwiri imatsikanso, koma pofika yachitatu kumatsala zofiirira za sayizi ya chimphona. Kuona maso a nkhono n'kudekha, komanso ukadekha kwambiri upeza nkhonoyo ena atola. Atsikana a m'masitolo anandizolowera, moti akandiona ankaitanizana kuti uja wa kamtengo wabwera.

Chomwe chinkandisangalatsa kwambiri n'chakuti chikondwerero cha eni dziko chikatha, changa chinali chisanafike. Zotsala za Khirisimasi ndizo zinkakhala zatsopano za Idi. Ndinkamanga katundu bwinobwino n'kumupereka kwa dalaivala wina wa ku Salima amene ankanyamula katundu wa anthu pa galimoto yake, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu amakhala wafika kwa Mwadzama. Chitini cha mabisiketi chija chinali ndi chithunzi cha nkhalamba ya ndevu zoyera yovala zofiira. Ndinamva pambuyo pake kuti ana a m'mudzi ankafunsa ngati ameneyo ndiye shehe wa ku Joni.

Nzeru yomweyo ndi imene inandiletsa kubwera kumudzi. Amalawi ambiri ankapita kwawo mu Disembala, basi itakwera mtengo kawiri, atagula katundu pa mtengo wa misala, n'kubwerera mu Januwale m'matumba muli mbee. Ine ndinkawaseka. Mabwana anga ankapita kunyanja ya mchere mwezi wathunthu, n'kundisiyira nyumba ndi agalu, ndipo ankandiwonjezera kangachepe. Ndinkati munthu wanzeru sayenda mu Disembala. Januwale akafika ndinkati katundu wapita kale, ndikatani. Zaka ziwiri zija zinasanduka zitatu, zitatu n'kukhala zinayi.

Kusungulumwa kunalipo, sindingabise. Mwezi wa Disembala umenewo pankatha masiku anayi osayankhula ndi munthu, chifukwa a Mhone ankatengedwa ndi mabwana awo kukawaphikira kunyanja. Ndinkayankhula ndi agalu m'Chichewa, mpaka wamkuluyo anaphunzira kuti "choka" ndi chiyani. Mu Ramadani dzuwa likalowa ndinkafuturu ndekha, buledi ndi tiyi, nditakhala pa sutukesi. Tsiku la Idi ndinkaswali m'mawa kumzikiti wa amwenye, anthu n'kundipatsa moni mwaulemu osandidziwa dzina, kenako ndinkabwerera kukadulira maluwa. Ndikamadulira ndinkamuona Zainabu m'maganizo akutsika kumzikiti, nsapato zikulira pansi, anzake akuyang'ana. Zimenezo zinkandikwanira.

Makalata ankabwera katatu kapena kanayi pachaka. Asiyatu anangophunzira kumadrasa, choncho ankamulembera aphunzitsi ena a pasukulu ya pafupi, ndipo kalata yodutsa m'manja mwa munthu wina siinena zambiri. Inkati katundu tinalandira, tathokoza kwambiri, malata tinagula, mpunga wachita bwino, mwana akukula. Mawu akuti mwana akukula ndinkawawerenga ngati moni, monga mmene munthu amanenera kuti kuno mvula ikugwa. Ndikalowa m'sitolo ndinkaika bango m'nsapato, n'kusiya mpata wa chala chimodzi kuti akuliremo. Chaka chachitatu ndinawonjezera theka la chala, ndikudziona wochenjera. M'mutu mwanga mwanayo anali yemwe uja ndinamugwira pamutu. Sindinalembepo ngakhale kamodzi kufunsa ngati nsapato zikumukwana, ndipo paja safunsa anadya phula.

Chinthu china chimene sindinachiwerengere, ngakhale Msilamu aliyense amachidziwa, n'chakuti Idi siikhala malo amodzi. Chaka chilichonse imabwerera m'mbuyo ndi masiku khumi kapena khumi ndi limodzi. Chaka choyamba katundu anafika kudakali mwezi wathunthu. Chachiwiri kudakali masabata awiri. Chachitatu anafika kutatsala masiku ochepa. Chachinayi Idi inagwa kumapeto kwa Januwale, ine ndinadikirabe sabata yachiwiri ya selo, mvula inadula msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo dalaivala uja anakhala masiku angapo kutsidya kwa mtsinje.

Kalata yotsatira inalembedwa ndi Zainabu mwini wake. Sukulu inali itakhala yaulere, ndipo anali atafika poti n'kulemba yekha. Zilembo zake zinali zazikulu, zopendekera kumanzere. Analemba kuti: "Ababa, katundu anafika Idi itadutsa ndi sabata imodzi. Musadandaule, ndinavala zina." Mawu akuti zina amenewo anandidya chaka chathunthu. Zina ziti, zogula ndani?

Chaka chotsatira Idi inali kubwera patangopita masabata atatu Khirisimasi itatha. A Mhone anandiuza kuti ndigule mu Novembala n'kutumiziratu. Ndinawayankha kuti mu Novembala mulibe selo. Iwo anati:

"Ada, ine kwathu ku Dwambazi nditafika lero, andifunsa kuti mukufuna ndani. Ndinayamba ngati inu, kudikira mwezi wabwino."

Ndingakonde kunena kuti mawu amenewo ndi amene anandibweretsa kumudzi, koma ndikhala ndikunama. Ndinaona kuti ndikagula pa selo n'kunyamula ndekha katunduyo, ndifika nthawi yake, sindilipira dalaivala, komanso mu Januwale basi yopita ku Malawi imatsika mtengo chifukwa aliyense akulowera kwina. Ndinapempha tchuthi cha mwezi umodzi. Ndinagula nsapato zoyera, zokongola kuposa zonse zomwe ndinagulapo, n'kuziika pamwamba penipeni pa chikwama.

Ndinafika kwa Mwadzama masana, kutatsala masiku asanu kuti Idi ifike. Mvula inali itangokata, anthu ali m'madambo kuwokera mpunga. Nyumba ndinaipeza ya malata, monga makalata ananenera. Zomwe makalata sananene n'zakuti kuseri kunali mathandala awiri oyanikira usipa, ndipo Asiyatu ankapita nawo yekha ku Lilongwe kawiri pamwezi. Sananenenso kuti pamsika wa pamsewu, pomwe ndinasiya pali matebulo atatu a tomato, tsopano panali milu ya kaunjika, nsapato zili mbwee pa mapepala apulasitiki. Potsika galimoto ndinafunsa mtengo wa imodzi, mwachizolowezi changa. Inali yotsika kuposa selo yanga ya sabata yachiwiri.

Anandiyalira mkeka watsopano, wa alendo. Achibale anabwera mmodzimmodzi kudzandilonjera, ena akunditchula kuti a ku Joni. Kenako kukhitchini kunatuluka mtsikana wamtali, atafunda mpango kumutu, ndipo anagwada chapatali, pafupi ndi nkhokwe.

"Mwayenda bwanji, ababa?"

Mawu anali ake, nkhope inali ya amake, koma kutalika kunali kwanga. Ndinayankha moni. Kenako ndinachita chomwe ndinakonzekera ulendo wonse. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa nsapato zoyera zija, ndinagwada pa bondo limodzi n'kumuitana kuti abwere ndimuveke.

Sanasunthe. Anayang'ana pansi, kenako anayang'ana amake. Azakhali ake awiri amene anali pamkekapo anayamba kukonza zitenje zawo. Asiyatu anabwera pafupi nane n'kuyankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Dzukani, abambo a Zainabu. Mwanayu anakula chaka chatha. Amayi akuluakulu anamulangiza kale."

Ndinadzuka. Munthu wa kuno sachita kuuzidwa kawiri: mtsikana akatha msinkhu, bambo ake samugwiranso, sakhala naye mkeka umodzi, salowa kuchipinda kwake. Nthawi yomunyamula, yomuveka nsapato, yomugwira pamutu, inali itatha ine ndikudulira maluwa a eni ake. Amake ndiwo anatenga nsapato zija n'kukamupatsa pomwe anagwadapo. Anaziyamikira, anazitembenuza, analowetsa phazi. Zala zinalowa, chidendene chonse chinatsala panja. Anayesa kachiwiri, akukankha ndi mphamvu, mpaka amake anamuuza kuti basi.

Ndinayamba kunena za m'sitolo, kuti mwina anandisinthira bokosi, ndipo ndinatulutsa bango kuti ndiwaonetse. Asiyatu anandiitanira m'nyumba. Anakoka sutukesi yachitsulo pansi pa bedi n'kuitsegula. Munali nsapato mapeyala anayi, zonse ndinazidziwa, ndipo iliyonse ndikanatha kutchula sitolo yake. Zakuda za chaka choyamba zinali zotheratu, zosokedwasokedwa. Za chaka chachiwiri zinali zovalidwa pang'ono. Anandiuza kuti zinkamuthina, koma anakakamira kupita nazo kumzikiti, ndipo pobwera anazinyamula m'manja, mapazi ali matuza okhaokha. Za chaka chachitatu ndi chachinayi zinali zatsopano, mapepala akadali m'kati. Madiresi ankawafutukula mpendero, koma nsapato suifutukula. Zina zija za m'kalata zinali za kaunjika, zogula ndi ndalama ya usipa. Anthu anabwerapo kudzafuna kugula zatsopanozo, Zainabu n'kukana kuti ndi za ababa.

Ndinapsa mtima, ndipo munthu akalakwa amapsa mtima kwambiri. Ndinamufunsa kuti zaka zonsezi analephera bwanji kudula bango lina n'kupatsira dalaivala uja, chinthu chosalira ndi tambala yomwe. Asiyatu anatseka sutukesi, n'kukhala pabedi.

"Ndinalidulapo kawiri, n'kulitaya. Ndinkadziwa kuti ndikakutumizirani lina, ndiye kuti basi, mwapeza mwana wanu m'thumba. Ndinkati mwina tsiku lina mudzadabwa kuti bango silikula, mubwere mudzamuone."

 

Masiku otsatirawo ndinakhala ngati mlendo weniweni. Madzi osamba ankandiikira, futari ankandipatsa yabwino, aliyense ankandifunsa kuti ndibwerera liti, osati mwa chipongwe, koma monga mmene umafunsira munthu amene kwawo ndi kwina. Mlendo ndi mame, ndipo onse ankadikira mwaulemu kuti ndikamuke. Zainabu ankandipatsa moni m'mawa ali chapatali, n'kumapita kukathandiza amake pa mathandala. Ndinkamumva akuseka kuseri ndi anthu ena, koma akafika pamaso panga kuseka kunkatha.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Idi ifike, ndinali pakhonde m'mawa pomwe paja Zainabu anamangira patapata. Anabwera, anagwada potero, n'kuika kanthu pansi pakati pa iye ndi ine. Linali bango laliwisi, lodulidwa kumene, mbali zonse zosalala.

"Ndadula ndekha, ababa. Kuti mukapitanso musakavutike."

Sananene mokwiya. Ananena mofuna kundithandiza, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kuposa mawu a amake. Kwa iye bambo anali munthu amene amapita, n'kumatumiza katundu, ndipo ankangofuna kuti ntchito yangayo izindiyendera bwino. Ndinatola bangolo n'kuliika pambali pa lakale lija. Linapitirira ndi zala zitatu.

Ndinamuuza kuti akavale, tipite kuboma akayese yekha. Anayang'ana kukhitchini kuti aone ngati amake amva, ngati kuti mawu anga pawokha sakanakwanira. Tinakwera matola tonse atatu, iye ndi amake mbali ina, ine mbali ina. Aliyense amene anagulapo kanthu tsiku loti mawa ndi Idi akudziwa mmene ogulitsa amakhalira. Zainabu anayesa mapeyala anayi, akuyenda uku ndi uku m'sitolo, mpaka anasankha zabulauni zimene ine sindikanaziyang'ana n'komwe. Mwini sitolo atatchula mtengo, pakamwa panga panatseguka pokha kuti ndinenerere, ndimuuze kuti sabata yamawa zomwezi zitsika. Ndinaona mwanayo ataima chilili, nsapato zili kumapazi, akudikira kuti amve ngati azivule. Ndinatseka pakamwa n'kulipira.

Ku Joni sindinabwerere. Ndinalembera a Mhone kuti ntchito ija apatse wina, ndipo iwo anayankha ndi mzere umodzi wokha, kuti ndikadzadutsa ku Dwambazi ndikawaonere ngati mtengo wa mango wa pakhomo pawo ukadalipo. Ndinalowa geni ya usipa ya Asiyatu ngati wonyamula matumba, ndipo anthu anatenga pafupifupi chaka kuti asiye kundifunsa za ulendo. Kuumira sindinasiye. Mpaka lero shuga ndimagula Idi itadutsa, ndipo adzukulu anga amandiseka nazo.

Mabango awiri aja ndinawasomeka kudenga la pakhonde, ndipo akadali pomwepo. Zainabu ali ndi ana ake tsopano, amakhala ku Dwangwa, ndipo timacheza bwino, iye mkeka wake ine mpando wanga. Nsapato ndamugulirapo zambiri kuchokera tsiku limenelo, zonse zomukwana. Koma palibe ngakhale imodzi imene ndinamuveka ndi manja anga.